Adyo ndi Fungo Lake M'manja

Chichewa chili ndi mawu awiri ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo: kununkhira ndi kununkha. Chinthu chonunkhira chimakondweretsa mphuno, pamene chonunkha chimaipira munthu. Adyo ndi chimodzi mwa zinthu zowerengeka zimene zimayenera mawu onse awiriwa tsiku limodzi. Akamakazingidwa mumphika pamodzi ndi anyezi ndi matimati, adyo amanunkhira kotero kuti ngakhale wodutsa panjira amameza malovu. Koma ndiwo zikapsa, anthu n'kudya, mbale n'kutsukidwa, fungo lake limatsalira m'manja mwa wophika. Pamenepo anthu sanenanso kuti likununkhira. Amati likununkha.

Fungo limeneli ndi lamakani. Munthu angathe kusamba m'manja kawiri kapena katatu, koma akayandikiza zala kumphuno amalipeza lilipobe, ndipo nthawi zina limagona mpaka m'mawa. M'Malawi anthu amadya nsima ndi manja, amakanda ufa wa mandasi ndi manja, ndiponso amanyamula ndi kudyetsa ana ndi manja omwewo. Motero nkhani ya fungo la m'manja si yaing'ono. Tiyi woperekedwa m'kapu yonunkha adyo sakoma, ndipo mayi wogulitsa zitumbuwa zonunkha adyo amabwerera nazo kunyumba madzulo. Tsono kuti munthu achotse fungoli, ayenera kuyamba wadziwa kumene limachokera ndiponso chifukwa chimene limakakamirira pakhungu.

Mbewu yakale

Adyo ndi mbale wake wa anyezi. Kwawo kwenikweni kwa mbewuyi ndi m'chigawo chapakati cha Asia, kumene anthu adayamba kuilima zaka zikwi zingapo zapitazo. Kuchokera kumeneko amalonda ndi apaulendo adaifalitsa ku India, ku China, ku Egypt ndi kumaiko a ku Ulaya. M'chaka cha 1922 Mngelezi wina dzina lake Howard Carter adatulukira manda a Tutankhamun, mfumu ya ku Egypt imene idafa zaka zoposa 3,000 zapitazo. Pakati pa golide ndi chuma china chimene chidaikidwa m'mandamo padapezekanso adyo wouma.

Masiku ano dziko la China ndilo limalima adyo wochuluka kuposa maiko ena onse. Pa matumba atatu aliwonse a adyo wokololedwa padziko lonse, oposa awiri amachokera kumeneko. M'Malawi adyo amakula bwino m'madera ozizira monga a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo amapezeka m'misika yambiri. Mlimi wa adyo sabzala njere. Amagawa mutu wa adyo m'tizigawo take, nabzala kachigawo kamodzikamodzi, ndipo kalikonse kamadzabala mutu watsopano.

Kumene fungo limachokera

Munthu akatenga mutu wathunthu wa adyo n'kuununkhiza, samva fungo lambiri. Akasenda kachigawo kamodzi mosamala, osakavulaza, fungo limakhalabe lochepa. Akakadula ndi mpeni, fungo limayamba kumveka. Koma akakasinja m'kamtondo, limadzaza khitchini yonse. Zimenezi zikusonyeza kuti fungo la adyo silikhala lokonzekeratu m'kati mwake. Limapangika panthawi imene adyoyo wavulazidwa.

Kachigawo kalikonse ka adyo kamapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. M'maselomo muli zinthu ziwiri zimene zimasungidwa motalikirana. Choyamba chimatchedwa alliin, ndipo pachokha chilibe fungo. Chachiwiri chimatchedwa alliinase, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa alliin kuti akhale chinthu china. Ziwirizi zili ngati machesi ndi bokosi lake: moto suoneka mpaka zitakhudzana. Mpeni ukadula adyo, kapena munsi ukamutswanya, makoma a tizipinda tija amasweka, zinthu ziwirizo n'kusakanikirana. Pasanathe mphindi imodzi pamabadwa chinthu chachitatu chotchedwa allicin. Ameneyu ndiye mwini fungo ndi ukali wonse wa adyo wamuwisi.

Akatswiri a sayansi adatenga zaka zambiri kuti amvetse zimenezi. M'chaka cha 1844 Theodor Wertheim adatcheza mafuta onunkha kwambiri kuchokera mu adyo. Patapita zaka 100, m'chaka cha 1944, Chester Cavallito ndi John Bailey a ku America adapatula allicin, naonetsa kuti amapha tizilombo tina toyambitsa matenda. Zaka zochepa pambuyo pake Arthur Stoll ndi Ewald Seebeck, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Basel ku Switzerland, adafotokoza za alliin ndi alliinase ndi mmene ziwirizi zimakumanirana.

Allicin ali ndi sulufule, amene adyo amamutenga m'nthaka pokula. Zinthu zambiri zokhala ndi sulufule zimakhala ndi fungo lamphamvu, ndipo chitsanzo chodziwika ndi dzira lovunda. Kwa adyo, fungo ndi ukali umenewu ndi chida chodzitetezera. Kachilombo kapena kanyama kakaluma adyo pansi pa nthaka, kamakumana ndi allicin n'kuleka. Tsono dzanja la wophika likamadula adyo, mbewuyo imalilandira monga momwe ikadalandirira mdani wina aliyense.

Alliinase amafooka ndi zinthu ziwiri: kutentha ndi zowawasa. N'chifukwa chake adyo wophikidwa wathunthu, osadulidwa, amakhala wofatsa ndi wotsekemera pang'ono, pamene wosinja wamuwisi amaluma lilime.

Chifukwa chimene madzi okha salichotsera

Pali zifukwa zitatu zimene fungo la adyo limakakamirira m'manja. Choyamba n'chakuti allicin sakhalitsa. Amasanduka zinthu zina za sulufule zokhala ngati mafuta, ndipo mafuta ndi madzi sizigwirizana. Aliyense amene adatsukapo mbale ya nyama yonona ndi madzi ozizira okha amadziwa kuti madziwo amangoyenderera pamwamba, mafuta n'kutsala. Khungu la munthu nalo lili ndi mafuta akeake, ndipo mafuta a adyo amasungunuka m'menemo n'kukhazikika.

Chachiwiri n'chakuti dzanja si losalala ngati galasi. Lili ndi timizere tosawerengeka kunsonga za zala, makwinya m'mfundo, ming'alu ing'onoing'ono m'zikhatho za anthu ogwira khasu, ndiponso mipata m'mbali ndi kunsi kwa zikhadabo. Madzi a adyo amanata, ndipo amalowa m'malo onsewa. Munthu wosamba mofulumira amangonyowetsa zikhatho, malo obisikawo osawafika.

Chachitatu n'chakuti zinthu za sulufule zija zimalowerera m'khungu lapamwamba n'kugwirana nalo. Zikatero zimatuluka pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Adyo akakhalitsa padzanja, zambiri zimalowa, ndipo kuzichotsa kumavuta.

Mphuno nayo ili ndi khalidwe lake. Imamva zinthu za sulufule ngakhale zitachepa kwambiri, kotero kuti kadontho kotsalira kunsi kwa chikhadabo chimodzi kamakwanira kununkhitsa dzanja lonse. Komanso mphuno imazolowera fungo limene yakhala nalo kanthawi. Wophika amene wakhala m'khitchini ola lathunthu angaganize kuti m'manja mwake mwayera, koma mlendo amene wangofika kumene n'kupatsana naye moni amalimva fungolo nthawi yomweyo.

Kuchepetsa fungo lisanafike

Wophika wanzeru amayesetsa kuti madzi a adyo asakhudze khungu lake kopitirira muyeso. Posenda, amaika kachigawo ka adyo pathabwa, nakapanikiza pang'ono ndi mbali yafulati ya mpeni. Khoko limasweka n'kusendeka mosavuta, popanda kukanda ndi zikhadabo. Posinja, amagwiritsa ntchito kamtondo ndi munsi wake, ndipo adyo wosinjayo amamukokota ndi supuni, osati ndi chala. Ngati wavala mphete, amayamba waivula, pakuti kunsi kwa mphete ndi malo amene madzi ndi sopo safikako bwino. Zikhadabo zake zimakhala zowenga.

Chachikulu pa zonse ndi nthawi. Munthu amene wasamba m'manja atangomaliza kudula adyo amavutika pang'ono. Amene wadikira mpaka nsima itapsa wapatsa adyoyo mpata wolowerera m'khungu.

Kachotsedwe ka fungo

Zonse zofunika pa ntchitoyi zimapezeka m'khitchini: madzi, mafuta ophikira, mchere, sopo ndi ndimu. Chilichonse chili ndi ntchito yake, ndipo zimathandiza kwambiri zikatsatana mwadongosolo.

Poyamba munthu amatsukuluza m'manja ndi madzi kuti tizidutswa ta adyo tomatirira pazala tichoke. Tizidutswa timeneti tikatsala, timapitiriza kutulutsa fungo latsopano.

Kenaka amadontheza mafuta ophikira m'chikhatho. Madontho awiri kapena atatu ndi okwanira. Amawatikita kunsonga za zala ndi m'mbali mwa zikhadabo. Ena angadabwe kuti munthu ayeretse dzanja polidzoza mafuta, koma mafuta amasungunula mafuta anzake. Mafuta a adyo amene adabisala m'timizere ta khungu amasakanikirana ndi mafuta ophikirawo n'kubwera poyera.

Pamafutapo amawazapo mchere pang'ono, nafikisa manja modekha. Timiyala ta mchere timakhula khungu n'kutulutsa zotsalira m'makwinya. Kumene mchere uli wochepa, madeya kapena ufa wa mgaiwa umagwira ntchito yomweyo, ndipo umayamwanso mafuta.

Tsono imafika nthawi ya sopo. Tizidutswa ta sopo tosaoneka ndi maso timafanana ndi mbululu, pakuti tili ndi mutu ndi mchira. Mutu umakonda madzi, mchira umakonda mafuta. Michira ikalowa m'kadontho ka mafuta, mitu imatsala kunja itagwira madzi, ndipo madzi akamatsika amakoka kadonthoko n'kupita nako. Umu ndi mmene sopo amayanjanitsira zinthu ziwiri zosagwirizana. Koma ntchito imeneyi imafuna nthawi. A zaumoyo amalangiza kuti manja afikisidwe ndi sopo kwa masekondi osachepera 20, ndiko kuti nthawi imene munthu angawerenge mosathamanga kuchokera pa 1 kufika pa 20. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Thovu liyenera kufika m'zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, kuzungulira chala chachikulu, ndi kunsi kwa zikhadabo. Malo otsirizawa amafikika bwino munthu akapinda zala za dzanja limodzi n'kuzizunguza m'chikhatho cha dzanja linzake.

Potsukuluza thovu pamafunika madzi oyenda, a pampopi, a pampondagiya, kapena othiridwa ndi munthu wina kuchokera m'jagi. Kuviika manja m'beseni kumabwezera mafuta omwe aja pakhungu.

Fungo likamvekabe, ndimu limamaliza ntchito. Munthu amadula ndimu pakati, natikita zala zake ndi chibenthucho. Kuwawasa kwa ndimu kumaletsa alliinase wotsalira kupanga fungo lina, ndipo kununkhira kwa khoko lake kumaphimba kafungo kamene kakali m'khungu. Ndimu limathandizanso kwambiri pa fungo la nsomba, chifukwa madzi owawasa amagwira zina mwa zinthu zonunkha za nsomba kuti zisauluke kufika kumphuno. Pambuyo pake manja ayenera kutsukuluzidwanso, pakuti madzi a mandimu otsalira pakhungu angathe kulitentha ndi kulidetsa munthu akakhala padzuwa.

Potsiriza manja amaumitsidwa ndi kansalu koyera kapena ndi mphepo. Kansalu kamene kakhala kakupukuta mpeni ndi thabwa tsiku lonse kamabwezeretsa fungo lonse limene munthu wavutika kulichotsa.

Pakhomo pakasowa sopo, phulusa la nkhuni loyera ndi lozizira limathandiza. Likanyowa limadula mafuta, ndipo limakhula khungu monga mchere. Nalo liyenera kutsukuluzidwa bwino chifukwa limaumitsa khungu.

Nkhani ya supuni

M'maiko ambiri ophika amanena kuti kufikisa zala pa supuni kapena pa sinki ya chitsulo chosachita dzimbiri, madzi akuthiridwa, kumachotsa fungo la adyo. Chitsulo chamtunduwu chidayamba kudziwika m'chaka cha 1913, pamene Harry Brearley adachipanga mumzinda wa Sheffield ku England. Sichichita dzimbiri chifukwa chimasakanizidwa ndi chitsulo china chotchedwa kromiyamu. Okhulupirira njirayi amati sulufule wa adyo amasiya khungu n'kumamatira kuchitsulocho, ndipo m'masitolo ena mumagulitsidwa zitsulo zoumbidwa ngati sopo za ntchito yomweyi.

Maganizo amenewa sadatsimikizidwe mokwanira ndi kafukufuku wa sayansi. Chodziwika n'chakuti munthu wochita zimenezi amafikisa zala zake m'madzi oyenda nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndipo kufikisako pakokha kumachotsa zambiri. Kuyesa njirayi sikupweteka munthu ngati agwiritsa ntchito supuni. Mpeni suyenera kuyeserapo, ngakhale utapangidwa ndi chitsulo chomwecho.

Zimene siziyenera kuchitika

Pofuna kuthana ndi fungo, ena amadzivulaza. Palafini ndi mankhwala oyeretsera zovala siziyenera kuthiridwa m'manja. Zimawononga khungu, ndipo zikalowa m'chakudya ndi poizoni. Madzi otentha kwambiri amapsereza khungu osachotsa fungo kuposa madzi ofunda. Kukhula dzanja mwamphamvu ndi mwala kapena mchenga kumasiya timabala, ndipo m'timabalamo ndi mmene adyo wamawa adzalowere. Mafuta onunkhira odzola amangophimba fungo kwa kanthawi, kenaka mafungo awiriwo amamveka pamodzi. Munthu amene ali ndi bala padzanja asagwiritse ntchito mchere kapena ndimu. Sopo ndi madzi n'zokwanira.

Adyo wamuwisi ndi waukali kuposa mmene ambiri amaganizira. Akamangiriridwa pakhungu kwa nthawi yaitali amatentha ngati moto mpaka kutulutsa matuza, makamaka pakhungu lanthete la mwana. Choncho si bwino kumanga adyo wosinja pabala kapena pachotupa. Anthu ena amene amasenda adyo wambiri tsiku ndi tsiku, monga ophika m'malo odyera, amayamba kuyabwa ndi kung'ambika khungu kunsonga za chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, zala zitatu zimene zimagwira adyo podula. Woona zizindikiro zotere ayenera kupita kuchipatala.

Ziwiya za m'khitchini

Kusamba m'manja kumapita pachabe ngati ziwiya zatsala ndi fungo, pakuti dzanja loyera likagwira chigwiriro cha mpeni wosatsuka limanunkhanso. Mpeni ndi supuni zitsukidwe ndi sopo nthawi yomweyo. Thabwa lodulirapo ndi kamtondo ndizo zovuta, chifukwa mtengo umamwa madzi a adyo. Zimenezi zimakhulidwa ndi mchere ndi chibenthu cha ndimu, n'kutsukidwa ndi sopo, kenaka n'kuyanikidwa pathandala kuti ziume ndi dzuwa. Pakhomo pamene pali matabwa awiri, limodzi likhale la adyo ndi anyezi, lina la buledi ndi zipatso. Kamtondo kosinjira adyo kasasinjirenso nsinjiro za phala la mwana.

Fungo lochokera m'kati

Pali fungo lina la adyo limene sopo sangalichotse. Munthu akadya adyo wambiri, makamaka wamuwisi, chimodzi mwa zinthu za sulufule zija sichigayika msanga m'thupi. Chimalowa m'magazi, ndipo chimatuluka pang'onopang'ono kudzera m'mapapo ndi m'thukuta. N'chifukwa chake mpweya ndi khungu la munthu wotere zimanunkha adyo mpaka tsiku lotsatira, ngakhale atatsuka mano ndi kusamba thupi lonse. Akatswiri a pa Ohio State University ku America, motsogozedwa ndi Sheryl Barringer, adapeza m'chaka cha 2010 kuti kumwa mkaka pamodzi ndi chakudya cha adyo kumachepetsa fungo la m'kamwa. M'chaka cha 2016 adapezanso kuti maapozi aawisi, letesi ndi masamba a minti zimathandiza chimodzimodzi. Komabe fungo limene lalowa kale m'magazi limatha lokha, thupi likamaliza kulitulutsa.

Phunziro la ku Vienna

Fungo lokakamira m'manja lidaphunzitsapo anthu chinthu chachikulu kuposa ukhondo wa m'khitchini. M'chaka cha 1847, pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna ku Austria, padali dotolo wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis. Pachipatalapo padali zigawo ziwiri zoberekera. M'chigawo china amayi ankathandizidwa ndi azamba, ndipo m'chinzake ankathandizidwa ndi madotolo ndi ophunzira udotolo. Amayi ambiri a m'chigawo cha madotolo ankamwalira ndi nthenda ya kutentha thupi atangobereka, pamene m'chigawo cha azamba omwalira adali ochepa. Masiku amenewo anthu adali asanadziwe bwino kuti matenda otere amayamba ndi tizilombo tosaoneka.

Semmelweis adaona kuti madotolo ndi ophunzira aja ankayamba apima mitembo asanapite kukathandiza amayi, chinthu chimene azamba sankachita. Adaonanso kuti ngakhale atasamba mwa masiku onse, fungo la mitembo linkatsalabe m'manja mwawo. Iye adaganiza kuti ngati fungo latsala, ndiye kuti chinthu china chochokera kumitemboko chatsalanso. M'mwezi wa Meyi chaka chomwecho adalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi, ndipo adasankha mankhwalawo chifukwa ndiwo ankachotsa fungolo. M'mwezi wa Epulo amayi pafupifupi 18 mwa 100 aliwonse adali atamwalira m'chigawocho. Pofika mwezi wa Juni omwalira adatsika kufika pa awiri okha mwa 100.

Wophika pakhomo safunika mankhwala aukali a m'chipatala, ndipo fungo la adyo silipha munthu. Koma adyo amachita ntchito yofanana ndi ya fungo la ku Vienna lija, pakuti amaulula malo amene kusamba kwachangu sikufikako. Pakati pa zala, m'makwinya ndi kunsi kwa zikhadabo, mmene fungo limabisala, ndi momwemonso mmene tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timabisala. Kusiyana kwake n'kwakuti adyo amadziulula yekha, pamene tizilomboto tilibe fungo. Dzanja losanunkha kanthu lingathe kukhala litanyamula matenda.

Kuyambira m'mwezi wa Malichi 2022 kufikira m'chaka cha 2023, m'Malawi mudabuka mliri wa kolera umene udapha anthu oposa 1,700. Kolera imafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa, ndipo manja osasamba bwino ndi imodzi mwa njira zimene tizilombo take timafikira m'mbale. Nthawi imeneyo a zaumoyo adakumbutsa anthu kumwa madzi otetezedwa ndi kusamba m'manja ndi sopo pochokera kuchimbudzi, asanaphike, asanadye ndiponso asanadyetse mwana. Adalangizanso mabanja kuti asamasambire m'beseni limodzi, koma azithirirana madzi. Pa 15 Okutobala chaka chilichonse, kuyambira m'chaka cha 2008, maiko ambiri amakumbukira tsiku la kusamba m'manja pofuna kuphunzitsa zomwezi.

Mwana amene waphunzira kuchotsa fungo la adyo m'manja mwake waphunzira kusamba m'manja kwenikweni. Wadziwa kuti madzi okha sakwanira, kuti sopo amafuna nthawi, ndiponso kuti malo osaoneka ndiwo ofunika kuwafika. M'mera mpoyamba. Akazolowera zimenezi pa tsiku limene mphuno ikumulondolera, adzazichitanso pa masiku ena onse amene palibe fungo lomukumbutsa.

Mawu ofunika kuwadziwa

Fotokozani matanthauzo a mawu awa, ndipo mupange chiganizo ndi liwu lililonse: kununkhiza, kutcheza, kukhula, kutsukuluza, kufikisa, chibenthu, mpondagiya, thandala.

Mafunso

1. Kodi mawu akuti kununkha ndi kununkhira amasiyana bwanji?
2. N'chifukwa chiyani mutu wathunthu wa adyo ulibe fungo lambiri?
3. Kodi fungo ndi ukali zimamuthandiza bwanji adyo akakhala m'nthaka?
4. Tchulani zifukwa zitatu zimene madzi okha sachotsera fungo la adyo m'manja.
5. Fotokozani ntchito ya mafuta ophikira, mchere, sopo ndi ndimu pochotsa fungoli.
6. N'chifukwa chiyani si bwino kumanga adyo wosinja pabala?
7. Kodi Ignaz Semmelweis adaphunzira chiyani kuchokera ku fungo la m'manja mwa madotolo?
8. Kodi mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ukugwirizana bwanji ndi nkhaniyi?

Ntchito

Mothandizidwa ndi aphunzitsi, nunkhizani adyo wathunthu, wodula ndi wosinja, ndipo lembani kusiyana kwake. Kenaka ana awiri agwire adyo wosinjayo pang'ono. Mmodzi asambe ndi madzi okha, winayo atsate njira yonse imene yafotokozedwa m'nkhaniyi. Ena onse aweruze ndi mphuno zawo, ndipo alembe zimene apeza.